Vitus ndi Chibale Chomwe Chinamukana

Vitus Chikalimba anafika ku Nairobi mu 1974. Anali mnyamata wa ku Ntcheu, wosalankhulalankhula koma wa manja aluso, ndipo anabwera kudzaphunzira zokonza mawayilesi pa koleji ina yaukadaulo. Amalawi analimo mumzindamo, koma aliyense ankayenda payekha. Masiku amenewo munthu wakwanu ndi amene unkamuopa kwambiri, poti sunkadziwa komwe akatule mawu ako.

M'chaka chake chachiwiri, Sylvester, wophunzira wa ku Karonga yemwe ankagona chipinda choyandikana ndi chake, anadwala malungo patchuthi n'kupita yekha kuchipatala. Anamwalira komweko, ndipo palibe anamufunafuna. Pomwe sukulu inkatsegulidwa n'kuti atamuika kale kumanda a anthu opanda abale. Vitus anapitako. Woyang'anira manda anangoloza ndi chibwano bwalo la dothi lofiira, lopanda mtanda ngakhale umodzi.

Nkhaniyi inamukhala pamtima mpaka anaiulula kwa mphunzitsi wake wa zamagetsi, mbadwa ya ku Amereka yomwe makolo ake anali a ku Mexico. Mphunzitsiyo anamuuza kuti kukoleji yomwe iye anaphunzira, magulu aubale a ana a azungu ankawatsekera chitseko anyamata olankhula Chisipanishi. Ndiye anyamata ochepa anakumana paokha, nalumbira kuti adzakhala abale mpaka imfa. Patapita zaka, gulu lawolo linali ndi nthambi m'makoleji ambiri.

Vitus anayamba kugogoda zitseko. Ambiri anamukana, ena ankathawa akangomuona. Awiri okha ndiwo anavomera: Reuben, wophunzira zomangamanga, ndi Griffin, mnyamata wa pakamwa pokoma yemwe ankatha kunyengerera ngakhale mlonda wapageti. Mu 1976 atatuwa anakhala pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa holo nayambitsa Chibale cha Kutali. Dzinalo anapereka ndi Vitus. Anagwirizana kuti ndale zizitsala pakhomo, wodwala azikazondedwa, ndipo Mmalawi akamwalira asadzaikidwenso ngati galu. Potseka msonkhano ankagwirana m'mikono n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Gululo linakula. Griffin atapita kuyunivesite anatsegula nthambi kumeneko, ndipo inaposa ya kukoleji. Kunali mpira, kunali kwaya. Wofika kumene ankamuchingamira ndi kumuphunzitsa kukwera maminibasi otchedwa matatu komanso kunenerera mitengo m'Chiswahili. Vitus sankafuna mpando. Griffin ndiye anali wapampando, iye ankangoyenda m'zipatala ndi fulasiki ya tiyi.

Mu 1980 kunagwa maliro ku Donholm, dera lina la mu Nairobi. Anamwalira mwana wa bambo wina amene anathawa ku Malawi kalekale pa nkhani za ndale, munthu yemwe Amalawi anzake ankawoloka msewu akamuona. Griffin anachenjeza kuti kumeneko n'kumoto. Vitus anayankha kuti mwana wakufa alibe chipani. Anapita, ananyamula kabokosiko, anaimba nyimbo ndi mayi ake a mwanayo.

Sipanapite nthawi, kunabwera munthu wa suti kuchokera kumudzi, n'kuyamba kufunsa ophunzira mmodzimmodzi kuti chibale chimenechi n'chayani ndipo chimakumana ndi ndani. Mantha anagwira aliyense. Ambiri anali pafupi kumaliza maphunziro, ntchito zikuwadikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Anaitanitsa msonkhano Loweruka masana. Griffin analankhula nthawi yaitali, mokoma monga mwa masiku onse, za nsomba imodzi yowola yomwe imaoletsa zonse. Reuben ankangoyang'ana nsapato zake. Griffin atafunsa ofuna kuti Vitus achoke, manja anakwera, ena mofulumira, ena mozengereza, koma anakwera onse.

"Achimwene, ndi zongoyembekezera," anatero Griffin pomuperekeza pakhomo. "Mphepo ikadutsa mudzabwerera."

Mphepoyo inadutsa kwa ena onse. Munthu wa suti uja anauzidwa kuti wosokoneza anali mmodzi ndipo achotsedwa kale. Pasipoti ya Vitus itatha, sanampatsenso ina. Mlongo wake anatumiza uthenga kudzera mwa woyendetsa lole kuti asayerekeze kubwera, kwawo kwafika kale anthu ofunsa za iye. Mayi ake atamwalira mu 1983, anamva maliro ataikidwa. Anakhala tsiku lonse m'kashopu kake ka mawayilesi ku Donholm, chitseko chili chotsegula, kudikira kuti mwina wina wa Chibale abwera kudzapepesa. Amene anabwera ndi Lenah yekha, mayi wa mtundu wa Akamba a ku Kenya, wogulitsa ndiwo zamasamba pafupi ndi shopuyo, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkazi wake.

Mu 1986 mwini holo ina ku Madaraka, mu Nairobi momwemo, anamuitana kuti akalumikize zokuzira mawu pa phwando. Sanamuuze kuti phwandolo n'layani. Vitus anazindikira ataona nsalu yaikulu pakhoma: Chibale cha Kutali chinali kukondwerera zaka khumi. Anaganiza zochoka, koma sanachoke. Anakhala pakona kuseri kwa makina ake.

Griffin, yemwe anapita kumudzi atamaliza maphunziro, anali atabwereranso ku Nairobi ngati bwana m'bungwe lina lalikulu la mayiko. Anali atanenepa, khosi litadzadza kolala. Anafotokoza mbiri yonse mosaphonya: imfa ya Sylvester, manda opanda mtanda, mtengo wa jakaranda. Anati iye ndi amene anapita kumanda kuja, ndipo misozi inalengeza. Anati oyambitsa anali awiri, iye ndi Reuben. Ophunzira achichepere anaimirira kuwomba m'manja, kenako anagwirana m'mikono n'kunena mawu aja. Vitus anali ndi chala pa batani lozimitsira. Sanazimitse. Zokuzira mawu zitayamba kulira, anazikonza kuti mawu a Griffin ndi anzake amveke bwino.

Anthu akudya, Griffin anabwera kukona kuja atanyamula botolo la Fanta. Anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Achimwene, mukudziwa mmene zinthu zilili. Dzina lanu likamveka muno, ana awa ndi amene angavutike."

"Ndamva," anatero Vitus akukulunga waya. "Mawu amafika bwino kumbuyoko?"

Griffin anaika botolo lija pa tebulo n'kubwerera kwa alendo ake.

Chomwe chinkamupweteka Vitus, monga anauzira Lenah, sichinali bodza la Griffin lokha. Chinali choti gululo linkachitadi zomwe iye ankafuna. Odwala ankazondedwa, akufa ankaperekezedwa kwawo ndi nyimbo. Sakanatha kulitemberera, ndipo sakanatha kulikhululukira.

Mu 1988 banjali linasamukira ku Kitengela, kunja kwa Nairobi, komwe nthawiyo kunali fumbi, mphepo ndi ng'ombe za Amasai zodutsa pamsewu wa ku Namanga. Anatsegula kashopu kena ka malata. Ana ake awiri anakula akulankhula Chiswahili ndi Chikamba, ndipo iye sanawaphunzitse liwu ngakhale limodzi la kwawo. Anthu a kumeneko ankamudziwa ngati fundi, mmisiri wa mawayilesi, munthu wolungama koma wosaseka.

Tsiku lina galimoto inaima pashopupo. Anatsika mnyamata ndi mkazi wake, wayilesi ya m'galimoto itafa, akukangana m'Chichewa za njira ya ku Arusha. Mkaziyo ataona dzina pa chikwangwani anamwetulira, nafunsa mwaulemu ngati bambo ali a kumudzi. Vitus anatsegula wayilesiyo, nayang'ana mkati nthawi yaitali. Kenako anamuyankha m'Chiswahili kuti sakumva zomwe akunena.