Wamkulu Saphwisa

Chaka chimene thonje linakana ku Ndake, ndinayamba kuona magazi ndikapita kuchimbudzi. Kuchipatala cha ku Nyimba anandipima, nati izi n'zakumzinda, kumene kuli paipi yokhala ndi diso. Mwana wanga wamkazi anandipelekeza, koma anali atasiya khanda kumudzi, ndiye anabwelela tsiku lomwelo. Tonse tinkati n'kungoyang'ana chabe.

Paipiyo amailowetsa kumene munthu satchula, kuti ikaone matumbo. Yanga inaona ndithu, koma pokhota inaboola thumbo. Dzuwa lisanalowe mimba inali itauma gwa ngati ng'oma yowamba pamoto, thukuta lili kamukamu. Anandithamangitsila ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, nang'amba, natsuka, nasoka pobookapo. Ndinatsitsimuka ndili ndi dilipi kudzanja, kukhosi kouma ngati munda wa mu Okutobala.

Mu wodi aliyense anali ndi womudikilila. Nthawi ya chakudya ankasolola mabakuli pansi pa bedi, n'kumacheza m'Chibemba ndi m'Chizungu. Pansi pa bedi langa panali patapata basi. Ine anandiletsa kudya, ngakhale madzi omwe, osandiuza kuti mpaka liti.

M'mawa uliwonse kunkabwela dokotala, wamsinkhu wa mkamwini wanga, Chinyanja chake chogulila tomato. Ankagogoda mimba, kumvetsela, kenaka n'kundifunsa pamaso pa ophunzila ake ngati ndaphwisa. Ine ndinkakokela chitenje kumaso n'kupukusa mutu. Mkamwini ungamuuze zimenezo? Kwathu wamkulu saphwisa. Zikachitika pamphasa, umakalipila mdzukulu amene ali pafupi, iye n'kuthawa akuseka, ulemu wako n'kutsala pomwepo. Ana amaidziwa ntchito imeneyi, satsutsa. Nanga kumeneko mdzukulu ndikanamutenga kuti?

Chonsecho mphepo inali itayamba kutuluka, ine n'kumaipanikiza ndi bulangeti. Ndinkayesa dokotalayo akufufuza amene akuononga mpweya mu wodi, kuti amuchotse.

Tsiku lina atamva yankho langa lomwelo, nkhope yake inagwa. Analankhula ndi nasi, mayi wonenepa amene m'mau ake munkamveka Chinsenga cha ku Petauke. Nasiyo anandiuza kuti thumbo losokedwa likachila limadziwika ndi mphepo, ndipo poti langa lili zii, akuopa kuti ulusi wamasuka. Kukapanda kusintha, anditsegulanso.

Mpeni wachiwili, pakhomo popanda wanga ndi mmodzi yemwe. Ndinagona chagada kuyang'ana denga, ndikuganiza za mwana wanga akupalila, osadziwa kuti amake ang'ambidwa ngati thumba la chimanga. Pakamwa pankafuna kunena, koma mau aja sankakwela.

Masana dokotala anabwelanso, nafunsanso. Ndinatembenukila kukhoma, n'kunena kuti:

"Bambo, pano pali kamwana kamwano. Kayamba dzulo kuchita zimenezo."

Iye anawelama kusuzumila pansi pa bedi, nafunsa mokwiya kuti ndani walowetsa mwana mu wodi ya odwala opaleshoni. Nasi uja anangoluma mlomo, mapewa akugwedezeka.

"Amai, kamwanako kachita kangati?" anafunsa nasiyo.

"N'kosamva, sindiwelenga."

Nasi anamufotokozela dokotala m'Chizungu za mwambo wathuwo. Uyo anaima kaye, navula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Kauzeni kapitilize, amai," anatelo. "Ku fiyeta simubwelelanso."

Atachoka, nkhani inayenda bedi ndi bedi m'zilankhulo zao, anthu n'kumaseka akundiyang'ana. Sankaseka moipa ayi. Koma ine ndinkafuna mnzanga wa kumudzi, woti tiombane m'manja, andinene kuti nkhalamba yopanda manyazi. Panalibe.

Nasi anabwela ndi madzi pang'ono m'kapu, nati ndinyowetse lilime, ndisagugude. Anamuitana kubedi lina asanandigwilile mutu. Ndinadzikoka ndekha, chilonda chikukana, kapu ili m'dzanja lopanda dilipi. Madzi ena anatayikila pachifuwa. Otsalawo ndinawasunga m'kamwa kanthawi ndisanameze.