Ndinapita Kukamva Besi, Ndinakalinda Mpunga

Ndinanyamuka kunyumba kwanga pa Dedza boma Loweruka 6 koloko isanakwane, nditavala majuzi awiri, chifukwa kwathu kuno mwezi wa Meyi kuzizira sikuseka ndi munthu. Benchi langa la kaunjika ndinasiyira mng'ono wanga, amene anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Achemwali, mukusiya malonda a Loweruka kuti mukamve ana oimba opanda ngakhale gitala?"

Ndinamuuza kuti asamale katundu, za mutu wanga azisiye.

Ana amenewo ndi gulu lotchedwa Asanu a Kuchigwa, atsikana awiri ndi anyamata atatu a ku Golomoti. Amaimba akapela, ndiye kuti zonse zimatuluka pakamwa: mmodzi amatsogolera nyimbo, awiri amamuthira mawu pamwamba ndi pakati, wina amaliza ng'oma ndi milomo, wotsiriza amagwira besi. Ndinawadziwira pa kavidiyo kamene wina anatumiza pafoni. Koma kafoni kanga kamadya besi. Umaona mnyamata akutsegula pakamwa, iwe osamva kanthu. Tsiku limodzi lokha ndinaimva, pa sipika ya wometa tsitsi wa pafupi ndi benchi langa, ndipo inandigunda pachifuwa mpaka ndinaiwala kasitomala. Nditamva kuti akapikisana ndi magulu ena mu holo ina ku Mtakataka 1 koloko masana, ndinati besi imeneyo ndikaimva ndi makutu angawa, zivute zitani.

Za nyimbo si kuti ndine mbuli. Ndili mtsikana ndinaimbako kwaya, koma anandichotsa chifukwa mawu anga ankakwirira anzanga onse. Pamsika mawu omwewo ndi amene amandidyetsa.

Minibasi ya ku Golomoti inali K8,000, ndipo inadzaza cha m'ma 7 koloko, theka anthu theka matumba a kachewere. Titakhota pa Masasa n'kuyamba kutsika Khwekhwerere, nkhani zonse zinatha m'galimoto. Msewu umenewu umapindika mosalekeza, kumbali kuli phompho, ndipo fungo la mabuleki limakukumbutsa mapemphero onse amene unaiwala. Juzi loyamba ndinavula pakati pa phiri, lachiwiri titayamba kuona milambe.

Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikupita kumaliro. Ndinati ayi, ndikupita kukamva nyimbo.

"Ali ndi zoimbira zamphamvu?"

"Alibe chilichonse, bambo."

"Pepani," iwo anatero, "umphawiwu wafika povuta."

Pa Golomoti tinafika 9 koloko itadutsa, dzuwa litayamba kale kuluma. Ndinagula chipisi cha pachiwaya cha K1,500 ndi botolo la thobwa. Ndili mkati motafuna, ndinaona anthu anayi a malaya achikasu ofanana atakhala pakhonde la golosale, nkhope zili ndwii. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Ndinawawerenga kawiri, ndipo wosowa anali yemwe uja ndinamuyendera ulendo wonsewu.

Manyazi ine ndilibe. Ndinapita pomwepo n'kufunsa kumene kunali mwana wa besi. Mtsikana wotsogolera nyimbo, dzina lake Lusiya, anandilongosolera. Fabiano, ndiye wa besiyo, anali ku Bwanje. Mpunga wa mayi ake unali utatsala pang'ono kucha, nthawi imene mbalame zimaugwera ngati zaitanidwa. Mayi akewo, a Nachisale, ndiwo anayenera kulinda tsikulo, koma usiku anaitanidwa kumaliro a mlongo wawo ku Mua. Oyandikana nawo aliyense anali pa puloti yake. Munda ukakhala wopanda munthu masana amodzi okha, mwini wake amakolola mankhusu, ndipo banjalo chaka chonse limadalira mpunga umenewo.

"Ndiye muimba anayi?"

"Popanda besi nyimbo zathu zimangolendewera, mayi," anayankha Yusufu, mnyamata woliza ng'oma ndi milomo. "Oweruza atiseka. Opambana akajambula nyimbo mu situdiyo ku Lilongwe, ndipo ife takonzekera chaka chonse."

Ndinakwiya. Ndinakwiyira mbalame, maliro, ndi Khwekhwerere yemwe ndinatsika pachabe. Ndinaganiza mofulumira. Fabiano akakhala kumunda, besi sindiimva. Ine ndikakhala kumunda, besi sindiimvanso, koma anawo aimba asanu. Ndinamaliza thobwa langa n'kuuza Lusiya kuti aitane akabaza awiri.

Wanjinga yamoto ananditchaja K3,000, ndipo fumbi limene ndinamwa panjira linali laulere. Cha m'ma 11 koloko tinafika ku Bwanje. Mpunga unali mbuu mpaka kumene maso amathera, ngalande zamadzi zikudula pakati, uku ndi uku anthu akukuwa. Fabiano ndinkamuyesa chimphona, koma ndinapeza kamnyamata kowonda, kakhosi katali, katanyamula zibuma m'manja. Lusiya atamuuza nkhaniyo, anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Zikomo mayi, koma sindikukudziwani. Komanso ntchito iyi imafuna mawu."

Nthawi yomweyo gulu la mpheta linatera kumapeto kwa puloti. Ndinakoka mpweya n'kukuwa kamodzi, mmene ndimaitanira makasitomala ndikangotsegula belo latsopano. Mbalame zinanyamuka m'mapuloti atatu, ndipo galu wina amene anagona pangalande anathawa osacheuka. Fabiano anasiya zibuma pansi n'kupita m'kachisakasa kukatenga malaya ake achikasu.

Asananyamuke anandionetsa ntchito. Pali chingwe chomangirira zitini, umachikoka mbalame zikatera kutali. Zikatera pafupi umaponya chibuma. Anandichenjeza kuti zimachuluka dzuwa likapendeka, ndipo ndisakhale pansi. Lusiya analonjeza kuti akakwera pasiteji andiimbira foni n'kuisiya yotsegula.

Inu amene mumadya mpunga pa Khirisimasi, muzilemekeza anthu a kuchigwa. Mbalame zimenezi zili ndi nzeru. Ukathamangira kum'mawa zimatera kumadzulo, ukakoka chingwe zimangodumpha pang'ono n'kukudikira utope. Nsapato zanga zakutchalitchi zinatsala m'matope, ndipo ndinangozisiya. Bambo wa puloti yoyandikana, a Jere, anabwera kudzadandaula kuti mbalame zonse zimene ndikupirikitsa zikukatera kwawo. Ndinawauza kuti nawonso akuwe ngati anadya m'mawa. Anaseka, kenako anandigawira chinangwa chophika ndi madzi.

Foni inalira 2 koloko itadutsa. Ndinamva phokoso la holo, kenako mawu a Lusiya akukwera okha, ena awiri akulowa, Yusufu akuyamba kugunda. Pamene besi inayenera kulowa, kafoni kanga kanaidya monga mwa masiku onse. Anthu mu holomo anakuwa mosangalala, ine osamva chimene akukuwira. Zinandipweteka, ndipo sindibisa, misozi inatsika. Ndisanaipukute n'komwe, chigulu cha mbalame chinadetsa mlengalenga, chachikulu kuposa magulu onse a tsikulo. Ndinaponya foni pa udzu n'kuthamanga ndikukoka chingwe. Pobwerera ndinapeza foni itaduka.

Sindinadziwe kanthu mpaka cha m'ma 5 koloko, mbalame zitayamba kuchepa. Ndinaona fumbi kumsewu, njinga zamoto zitatu zikuliza mahutala. Yusufu anali ataimirira kumbuyo kwa njinga akuzunguza malaya m'mwamba, ndipo ndinadziwa asananene. Apambana. Ndinayesa kululutira koma kukhosi kunangotuluka mphepo.

Fabiano sanayambe ndi za mpikisano. Anayenda mozungulira puloti yonse akugwira ngala zampunga, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga.

"Mayi, mpunga uli bwinobwino. Tsopano imani apa."

Anandiimika pamtumbira wa ngalande, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo. Asanuwo anandizungulira, mapewa atagundana, Fabiano ataima kumbuyo kwanga kwenikweni. Lusiya anang'ung'udza kaliwu kamodzi, aliyense anatengapo pake, kenako anayamba nyimbo yomwe ija ya pakavidiyo. Pafupi chonchi umaona zimene foni siingaonetse. Amayang'anana m'maso, amapumira limodzi, wina akakweza mnzake amamupatsa malo. Yusufu ankaliza ng'oma yaikulu ndi yaing'ono pakamwa pamodzi, malovu pang'ono akundifikira, koma sindinasamale.

Kenako besi inalowa. Sindinayambe kuimva ndi makutu, ndinaimva kumsana, ikudutsa m'nthiti mpaka kumapazi. Mawu ena onse aja, amene pafoni ankamveka ngati akuyandama, anapeza pokhala. Ndinatseka maso. A Jere anasiya munda wawo, amayi ena anabwera ndi ndowa pamutu, ndipo akabaza anazimitsa njinga zawo. Anaimba nyimbo zinayi. Mu holo muja anawalola ziwiri zokha.

Atamaliza, Lusiya anandiuza kuti polandira mphoto woweruza anafunsa ngati gululo lili ndi anthu asanu okha. Iye anayankha kuti lero lili ndi asanu ndi mmodzi, koma winayo akuimbira ku Bwanje.

Ndinagona kwa makolo a Lusiya pa Golomoti, ndipo m'mawa mwake ndinakwera Khwekhwerere nditavala masilipasi obwereka, ndikuvalanso majuzi anga limodzilimodzi. Panjira ndinkaganiza za kwaya inandichotsa ija. Mu akapela aliyense ali ndi malo ake, ndipo akachokapo mmodzi dzenje lake limamveka. Anga ndinawapeza mochedwa, m'munda wa mayi amene sindinawaonepo.

Mng'ono wanga anandipeza pakhomo ndikutsuka matope kumiyendo. Anandifunsa kumene kuli nsapato zanga, kenako anafunsa ngati besi ija ndinaimva. Mawu anali atandithera, moti Lolemba lonse pamsika ndinagulitsa ndi manja. Ndinangomukoka pafupi n'kumunong'oneza kuti ndinaimva, ndipo ndinaimba nawo.