Tiyi wa Lachisanu Lachitatu

Abwana amene ndinkawalelera ana ku Jumeirah Lake Towers, kudziko la Aluya, sankapita ku ofesi. Ntchito yawo inali m'chipinda cha pakona, pa makompyuta atatu, kugula ndi kugulitsa maopishoni pa msika wa masheya wa ku America. Akazi awo ndi amene anandifotokozera tsiku lina tikupinda zovala. Akuti umabetcha kuti mtengo wa sheya ukwera kapena utsika lisanadutse tsiku lakutilakuti, ndipo likadutsa zisanatero, chimene wagulacho chimasanduka tikiti ya basi ya dzulo. Tsiku lalikulu lotero linali Lachisanu lachitatu la mwezi.

Tsoka langa linayamba ndi kapu ya tiyi. Lachisanu lina madzulo, msika utangotsegulidwa, ndinalowa ndi thireyi, mzere woonetsa mitengo pa kompyuta n'kudumphira m'mwamba. Abwana anagulitsa pomwepo, n'kunena kuti ndili ndi mwayi. Mwezi wotsatira anandiitananso, zinawayenderanso. Basi, linakhala lamulo: tsikulo likafika ndiziima kumbuyo kwa mpando wawo, thireyi m'manja, osakhala pansi, osayankhula. Munthu wophunzira, woseka za ufiti wa kwathu, koma chithumwa chake ndinali ine. Ndinkaseka pouza anzanga kutchalitchi ku Oud Metha. Mnzanga wa ku Chipata ankati ndiziwalipiritsa, ng'anga sigwira ntchito ya mahala.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ali fomu wani, anapeza mwamuna. Chinkhoswe anachiika Loweruka, kwathu ku Ntcheu. Tchuthi ndinapempha kudakali miyezi inayi, anavomera, ndipo anandigulira okha tikiti ya Lachinayi. Sindinayang'ane n'komwe kuti Lachisanu lake linali lachingati.

Sabata imeneyo msika unapenga. Lero wakwera, mawa wagwa, osadziwika kolowera. Abwana ankakalipira aliyense, ngakhale wobweretsa madzi. Lachitatu anandiitana n'kundiuza kuti tikiti ija aisunthira Lolemba. Sanapemphe, anangondiuza, akumwetulira ngati andichitira zabwino.

"Lachisanu ili lokha. Inshallah zikayenda, sudzadandaula."

Ndinayang'ana akazi awo, iwo anayang'ana foni. Viza yanga inali m'dzina la banjali, ndipo sukulu ya ana anga ena awiri inkadalira khomo lomweli. Ndinati chabwino. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Lachisanu ndinaima, sutikesi yanga ili chimangire m'kachipinda kanga. Mzere uja unkakwera pang'ono, abwana n'kugula. Ukatsika, n'kugulitsa mothamanga, mzerewo n'kutembenukanso. Tiyi anazizira katatu, katatunso ndinakaphika wina. Mikono inachita dzanzi. Kunena zoona ndinapemphera kuti apindule, kuti kusapita kwanga kukhale ndi tanthauzo. Mzerewo unathera pamene unayambira, ndipo zimene anatsala nazo m'manja zinasanduka matikiti a dzulo aja.

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtima wako suli pano, vuto ndi limenelo. Khalas, basi, chotsa tiyi wakoyo."

Chinkhoswe ndinachionera pa foni, nditakhala pa bedi pafupi ndi makina ochapira. Pampando wa mayi wa mwana panakhala mng'ono wanga, atavala chitenje chimene ndinatumiza ine. Pamene ankhoswe ankapatsana nkhuku, netiweki inadula. Ndinalira ndi mkwiyo, osati chisoni.

Lolemba m'mawa, ndikutuluka ndi sutikesi, ndinaona kuti pa tebulo la abwana pali kale chithumwa china: kamphaka kapulasitiki kokupiza dzanja, kogula ku Festival City. Kameneko sikapempha tchuthi.

Kumudzi ndinapeza matenti atachotsedwa, miphika yobwereka itabwezedwa. Mwana wanga anandilandira mwaulemu, anandigwadira, anandionetsa zithunzi chimodzichimodzi. Ndinayamba kufotokoza za msika, za Lachisanu, za tiyi, koma pakamwa panga pomwe zinkamveka zopusa. Anandidula mofatsa kuti palibe vuto, anazolowera.

Ndinamufunsa za tsiku la ukwati, kuti ulendo uno ndipemphe tchuthi nditayang'ana kalendala. Anandiuza tsikulo akulongedza zithunzi zija mu envelopu.

"Mukakwanitsa mudzabwere, amayi. Koma za mpando musadandaule, amayi aang'ono tawauza kale kuti akonzekere."