Nkhomaliro ya Magdalene

Magdalene ndi mwana wanga wachiwiri, ndipo amene akufuna kumunena kuti ndi wopusa ayambe wadzera kwa ine.

Ife kwathu ndi ku Nsanje. Wachibale akamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, safunsa kokafikira. Amatsika basi pa Limbe n'kumuimbira Magdalene. Zinayamba atangopeza ntchito ya usekilitale pakampani ina ya inshuwalansi m'tauni. Nyumba yathu ya lendi ku Chigumula kuno ndi yaing'ono, koma pabalaza sipachoka mphasa ya mlendo.

Wodwala amafuna chakudya cha kunyumba. Magdalene ankalawirira kuphika phala ndi ndiwo, n'kupita nazo ku ofesi m'basiketi. Nthawi ya nkhomaliro anzake akudya, iye ali paminibasi ya kuchipatala. Pobwerera minibasi ija imayamba yadikira kuti idzaze. Abwana anamuchenjeza, n'kumuchenjezanso, mpaka anamuuza kuti akadzachedwanso ntchito yatha.

Mwana wake Marvin, mdzukulu wanga amene akuphunzira zaubusa ku Zomba, atabwera kutchuthi anawapeza amayi ake akuwodzera pampando nsapato zili kuphazi. Anandiuza kuti m'Chigiriki cha m'Malemba muli mawu akuti anangke, kutanthauza chinthu chokukakamiza, chokupana moti sungachithawe, ngakhale palibe wakuimirira ndi chikwapu. Ndinamuyankha kuti dzina la nthendayo walipeza, nanga mankhwala ake?

Kenaka kunabwera Jenifer, mwana wa achimwene anga, kuchokera ku Bangula ndi khanda lofunika opaleshoni. Tsiku limenelo ku ofesi kunali msonkhano masana. Ndinamuuza Magdalene kuti chakudya ndikapereka ndine.

"Amayi, ndi mawondo amenewo mukwera bwanji minibasi? Khalani pansi. Ndikangosiya pakhomo pa wodi n'kubwerera."

Anakafika adokotala akufotokoza za opaleshoni ija. Jenifer amamva Chisena chokha, ndipo anali akumanga kale katundu kuti athawe ndi mwana, poopa mpeni. Magdalene anakhala naye pabenchi, kumumasulira mawu ndi mawu, mpaka anavomera. Mwanayo analowa m'chipinda cha opaleshoni. Lero akuyamwa bwinobwino.

Magdalene anafika ku ofesi anzake akutseka mawindo.

Anabwera kunyumba dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sindinachionepo pakati pa sabata, poti akaweruka ankadzeranso kuchipatala. Anandipeza ndikupalira chimanga kuseri.

"Amayi, ntchito yatha."

Sanalire. Analowa kuchipinda n'kudziponya pabedi ndi zovala zakuntchito. Anagona mpaka mawa lake masana, tulo timene thupi lake linali kupempha kwa zaka zambiri. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pakhomo. Ana a pamzere wa nyumba ndinawathamangitsira kumsewu, ndipo mayi woyandikana nafe, amene anabwera kudzamva nkhani, ndinamubweza asanakwere pakhonde.