Uvuni wa a Laimoni

A Laimoni aku Magaleta anali mmisiri woumba njerwa, bambo wamfupi, wa zikhatho zong'aluka ngati dambo la m'chilimwe. Ndinkapemphera nawo ku Lutherani, m'katchalitchi kaudzu kamene kankadontha pamutu pa abusa. Chaka china tinati timange cholimba. Tinaponda dothi, a Laimoni akutitsogolera ndi chikombole chawo, mpaka tinasanja uvuni wamtali kuposa nyumba. Kunangotsala kuwotcha.

Pamenepo mpingo unang'ambika. Akuluakulu kutauni anasemphana pa za utsogoleri, mkanganowo n'kutsikira kwathu. Ena anatsata abusa akale, ena atsopano, ndipo anthu obatizidwa tsiku limodzi anayamba kulambalalana pamjigo. Palibe amene anafuna kusenza nkhuni zowotchera njerwa zimene mwina zikamangira anzake tchalitchi. Kumapiri mitambo inali itayamba kuda. Njerwa yosawotcha, mvula ikaipeza, imasanduka matope.

A Laimoni anapita kwa a Gregory, mkulu wa mpingo kumbali ya abusa atsopano.

"Achimwene, nkhuni zija bwanji?"

"A Laimoni, ife ndi anthu aja sitigwadanso pamodzi."

"Kodi ndati mugwade? Ndati nkhuni. Uvuni uli ndi makomo mbali ziwiri. Inu muzisonkhezera kum'mawa, iwo kumadzulo. Nkhope simuonana, pakati pali njerwa."

Kenako anapita kwa a Stelia, mtsogoleri wa amayi kumbali inayo.

"Nanga moto wathu ukawotcha njerwa zawo?" anafunsa a Stelia.

"Mayi, mukaulangize nokha motowo pokathera."

A Stelia anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, mawa lake n'kutulukira ndi amayi onse, mitolo pamutu.

Moto unayaka masiku atatu. A Laimoni ankazungulira uvuniwo thukuta lili kamukamu, akukuwa. "Akum'mawa mwafooka, eti? Anzanu uku walilima!" Akafika kumadzulo ankanenanso chimodzimodzi. Anthu anachita kulimbirana zipika. Tsiku lachiwiri amayi akumadzulo anayambitsa nyimbo ya m'buku, akum'mawa n'kuiyambanso mwaokha, mochedwerapo pang'ono dala, kuti asamveke ngati akuvomera.

Tinamata makomo Lachinayi, mvula n'kugwa Lamulungu. Titaphwasula uvuni, njerwa zinatuluka zofiira psuu, zolira ngati chitsulo ukazigogoda. A Laimoni anaimirira pakati n'kumagawa, mzere uwu kuno, mzere uwu uko, ndipo panalibe wodandaula.

Mpingo sunabwererane mpaka lero. Pali matchalitchi awiri ang'onoang'ono, msewu wafumbi uli pakati. A Laimoni akalamba tsopano, chikombole anasiyira adzukulu. Amapemphera kumbali ya a Stelia, koma akamadutsa pa tchalitchi cha a Gregory amaima, n'kusisita khoma, n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti njerwa za pakona apo ndiye zinapsa bwino.