Waya wa Buleki

Dzulo wanjinga wina pa Mandimba anataya waya wa buleki m'fumbi. Nditautola, mtima unapsa ngati zimene zinandichitikira ndili mwana zachitika lero.

Waya wotere ndi umene tinkamangira mabanjo. Ndili mwana ndinadula wa panjinga ya bambo, ndipo anandikwapula mpaka kukhala pansi kunkavuta. Sindinadandaule, poti amalume anali atandilola kuyimba nawo m'gulu lawo la jazi, la madoda okhaokha, paukwati ku Mitande. Nyimbo imodzi inali yanga, yopeka ndekha.

Dzuwa lili pamutu, fumbi lili koboo, waya wa amalume unaduka. Sanafunse n'komwe! Anangotsomphola banjo yanga ya chitini cha mafuta n'kuyamba kumasula waya.

"Amalume, nanga nyimbo yanga?"

"Iwe udzayimba ukakula. Omba m'manja."

Ine kuomba m'manja? Ndi mikwingwirima ili kumbuyoku? Atayamba nyimbo yangayo ndi waya wanga womwe, ndinakwera pamtondo n'kuyiliza ndi pakamwa, kukuwa mpaka banjo yawo osamvekanso. Amalume anandituzulira maso. Koma woyimba chibanjo chachikulu chotchedwa babatoni, nkhalamba ina yopanda mano, anawafulatira n'kuyamba kutsata ine.