Insipekita amene sadzabwera ku Brampton

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza mlamu wanga, Mayi a Tadala, ku ofesi ya zamaphunziro. Anatchena ngati akupita ku intaviyu, m'manja muli envelopu yonenepa: satifiketi ya uphunzitsi yomwe achimwene awo anachita kutumiza kuchokera ku Dedza, ndi zithunzi za chipinda chapansi cha nyumba yawo kuno ku Brampton, m'chigawo cha Ontario. M'chipindamo anapenta bolodi, anaikamo desiki, ngakhale belu.

Nkhani yake ndi Tadala, wa giredi 3. Anzake amamuseka chibwibwi, mpaka mwana anasiya kuyankhula m'kalasi. Mayi ake anaganiza zomuphunzitsa okha pakhomo, koma ankaopa kuti boma liwakaniza, mwinanso kuwalanda mwanayo.

Mayi amene tinamupeza pa ofesipo envelopu sanaitsegule n'komwe. Anati kuno ku Ontario lamulo limalola mwana kusapita kusukulu ngati akulandira maphunziro okwanira kunyumba. Chofunika n'kuwalembera kalata yowadziwitsa, yokhala ndi dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi adiresi, n'kumailembanso chaka chilichonse. Satifiketi ya uphunzitsi? Ayi. Silabasi? Musankha nokha. Kufufuza amafufuza pokhapokha pakakhala chifukwa chokayikira kuti mwana akuphunzira.

"Nanga a insipekita abwera liti?" anafunsa mlamu.

"Sabwera. Mwana ndi wanu."

Abale, ine ndinagwira pakamwa. Ife tinakula tikusesa bwalo la sukulu ndi kupaka miyala njereza chifukwa mawa kukubwera a insipekita. Tinazolowera kuti chinthu chimakhala choona chikadindidwa sitampa. Ndiye boma lathunthu kumukhulupirira kholo chonchi? Ndinagoma, ndipo mpaka lero ndikugomabe.

Koma taganizani bwino, chikhulupiriro chotere n'cholemera. Mukaweruka shifiti miyendo itatupa, palibe adzagogode kufunsa ngati mwana wawerenga. Kusukulu akalephera timaloza aphunzitsi. Pakhomo chala chiloza ndani? Paja m'mera mpoyamba.

M'basi pobwerera mlamu anaika envelopu ija pamiyendo. Titatsala pang'ono kutsika anati belu lija salichotsa.

Dzulo m'mawa ndinadzera kwawo. Ndili pakhomo ndinamva belu pansi, kenako mawu a Tadala akuwerenga mokweza. Amakakamira pa chilembo, amadikira, amapitiriza, ndipo panalibe womuseka. Ndinaima pamasitepe osatsika, misozi ili lengelenge.

Inu ndi ine, amene ana athu amakwera basi yachikasu ya sukulu m'mawa uliwonse, ndi liti tinakhala pansi kuwamvetsera akuwerenga popanda wotiyendera?